Apongozi a M'gulu Lodikira

Pamene chibwenzi cha Humphrey Kalitsiro ndi Clotilda chinkakwanitsa miyezi inayi, anthu a pa Bangula anali atagwirizana kale kuti mnyamatayo ndi wophunzira kwambiri. Chimene ankatsutsana n'chakuti kodi kuphunzirako kunamusiyirako nzeru zingati.

Humphrey anali dokotala wa mafizo, uja wowongola manja ndi miyendo ya anthu amene ziwalo zawo zafooka. Anali ndi zaka 34 ndi madigiri awiri. Yachitatu, ya PhD, inali ikadali m'njira, koma siginecha yake anali ataiyeserera kale kuseri kwa kope: Dr. H. Kalitsiro, K wake wamiyendo italiitali ngati kakowa.

Kafukufuku wake anali wosavuta kumva, ngakhale mwini wake akayamba kufotokoza anthu ankayamba kuyang'ana kumene kuli mthunzi. Ankafuna kudziwa ngati anthu ogwidwa sitiroko amachira msanga akamachita mafizo kunyumba kwawo, mothandizidwa ndi achinyamata a m'mudzi amene iye anawaphunzitsa. Kuti adziwe, analemba odwala 84 n'kuwagawa pawiri. Gulu loyamba linkachita mafizo katatu pa sabata. Gulu lachiwiri linkalandira kapepala ka malangizo n'kudikira miyezi isanu ndi umodzi, kuti pomaliza afananitse magulu awiriwo. Wosankha gulu sanali Humphrey. Inali envelopu yomata yochokera kuyunivesite, imene wodwala ankatola yekha ngati maere.

Bambo Sebastiano, bambo ake a Clotilda, anali atapalasa bwato pa Mtayamoyo zaka makumi atatu, kuwolotsa anthu, njinga ndi mbuzi pakati pa Bangula ndi kwa Mlolo. Sitiroko inawagwera mu Epulo, n'kuwalanda dzanja lamanja ndi theka la mawu. Mu Meyi Clotilda anatseka benchi yake ya chitowe ndi mapira pamsika, n'kuwakweza kabaza kupita nawo kwa dokotala watsopano uja. Madalawo anatola envelopu ndi dzanja lamanzere, limene chibadwire linali lisanasankhepo kanthu. M'katimo munali liwu limodzi lokha: KUDIKIRA.

Tsiku lomwelo Humphrey anatenga nambala ya foni ya Clotilda, "chifukwa cha kafukufuku". Pofika mu Juni kafukufukuyo anali akuimba foni katatu pa tsiku.

Tsoka lake, envelopu ya bambo Symon, oyandikana nawo nyumba, inanena zina. Iwo anagwera m'gulu la mafizo. Pakati pa mabanja awiriwa panali mpanda wa mapesi a mapira basi, ndipo mpanda wa mapesi susunga mawu.

*

Lolemba lina mu Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu, Humphrey anamaliza kuyendera bambo Symon n'kuzungulira mpanda uja. M'manja anali ndi jumbo ya buledi ndi shuga.

"Odi kuno, mayi!"

Mayi Esinala, mayi ake a Clotilda, anali akupeta mapira. Sanadzutse mutu.

"Mwasochera, adokotala? Kwa a Symon ndi uko."

"Ndati ndiwaoneko bambo."

"Aoneni. Maso okha envelopu siletsa, eti?"

Bambo Sebastiano anali pa mkeka pansi pa mtengo wa nimu. Dzanja lamanja linali pamiyendo pawo ngati katundu amene wina wawasungitsa. Humphrey anagwada, anawapatsa moni, iwo anagwedeza mutu. Kuseri kwa mpanda kunkamveka mawu a Howard, mmodzi wa anyamata a Humphrey, akuwerengera bambo Symon: "Kamodzi! Kawiri! Musabe, madala, katatu sikanakwane!"

"A Symon dzulo adzimangira okha mabatani a malaya," anatero mayi Esinala. "Akazi awo anachita kutiitana kuti tikaonerere."

"Ndiye kuti njira yathu ikugwira ntchito!" Humphrey anayankha mokondwa. Anaganiza atayankha kale.

"Ikugwira. Kwa eni ake."

Anaika lichero pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

"Adokotala, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye mundikhululukire. Kuno mnyamata akafuna mwana wa eni ake, amayamba waonetsa manja ake. Wina amafolera denga. Wina amalima dimba. Mwamuna wa mkulu wake wa Clotilda anatikumbira chimbudzi, ndipo mpaka lero timamukumbukira tsiku lililonse. Inu luso lanu ndi lowongola manja. Dzanja ndi ilo lagona apolo. Ndiye mwatibweretsera chiyani?"

Humphrey anayang'ana jumbo yake ya buledi. Jumboyo sinamuthandize.

"Mayi, nkhani yake ndi ya sayansi. Ndikangowakhudza bambo, magulu awiri aja asokonekera, ndiye sayansi siingathe…"

"Sayansiyo ndi mwana wa kwa yani?"

"Kwangotsala mwezi umodzi, mayi. Mwezi umodzi wokha."

"Mwezi umodzi," anabwereza mayi Esinala, n'kutolanso lichero lawo. "Mwamva, abambo? Muliuze dzanjalo lisatope."

*

Pano tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, poti chimene chinkamulemera Humphrey pobwerera ku ofesi masana amenewo sanali mawu a mayi Esinala. Anali mauthenga asanu a mu Ogasiti, amene anali akadali m'foni mwake.

Clotilda analemba: *Baba atuluke m'kafukufukumo, muziwathandiza ngati munthu wanu. Zingatheke?*

Iye anayankha: *Malamulo salola, wokondedwa. Munthu akatola envelopu, watola.*

*Ngakhale ali bambo anga?*

*Makamaka chifukwa ndi bambo ako.*

*Chabwino. Odziwa ndinu.*

Yankho lachiwiri lija Humphrey analikonda kwambiri polilemba. Linkamveka ngati la munthu wosagwedezeka, amene tsiku lina adzaimirira pamaso pa mapulofesa atavala mkanjo wofiira. Vuto lake linali limodzi: linali bodza.

Malamulo ankanena zosiyana. Wodwala aliyense anali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse osafunsidwa chifukwa. Ndiponso wofufuza akapezeka kuti wayamba ubale ndi banja la wodwala, ankayenera kukaulula ku komiti yoona za malamulo a kafukufuku, n'kumutulutsa yekha wodwalayo. Akatero akanatha kuwongola dzanja la apongozi ake m'mawa, masana ndi madzulo popanda womuletsa.

Koma odwala a Humphrey anali akuchepa. Atatu anamwalira, ena anabwerera kwawo ku Mozambique, wina anasamukira kwa mwana wake ku Nchalo osatsanzika. Pa 84 paja panatsala 77, ndipo nambala imeneyo ankaiyang'ana m'mawa uliwonse ngati mlimi akuyang'ana nkhokwe mu Januwale. Chachiwiri, kukaulula ku komiti kunkatanthauza kukhala pampando wofunsidwa mafunso, iye amene chiyambire sukulu anali asanaitanidwepo ku ofesi ya ahedi.

Chachitatu sankafuna n'kuchiganizira komwe. M'mutu wachiwiri wa buku lake la PhD anali atalemba yekha, m'Chingerezi chosalala bwino, kuti dzanja logwidwa sitiroko limamva kwambiri m'miyezi yoyambirira, ndipo ikadutsa imeneyo zala zimayamba kuuma. Pulofesa wake anachonga pambali pa ndimeyo n'kulemba kuti yalembedwa bwino.

*

Masana a Lolemba lomwelo Glory analowa mu ofesi akudzikupiza ndi fayilo. Glory anali namwino wa zaka zambiri pantchito, ndipo m'kafukufukumu ntchito yake inali yoyeza odwala onse mwezi ndi mwezi. Lamulo linali loti asadziwe kuti wodwala ali m'gulu liti, kuti asakondere poyeza. Zina zonse za pa Bangula ankazidziwa.

"Bwana, ndikudziwa kuti sindiyenera kufunsa magulu. Koma Nambala 61 uja mukumudyetsa chiyani?"

Nambala 61 anali bambo Sebastiano.

"Bwanji?"

"Ndadutsako pomwe inu mwangochoka. Ndati, madala, yesani kukweza dzanja. Poyamba akuti silikutheka. Ndiye ndangoti, a Symon amafika nalo pakamwa. Eee! Dzanja lija m'mwamba, mpaka pamphumi. Akazi awo achita kuwatsina."

"Sizingatheke. Ndawaona m'mawa uno. Dzanja linali lakufa."

"Ndiye kuti limafa Lolemba m'mawa." Glory anamuyang'anitsitsa. "Mwakwiya kuti munthu akuchira?"

"Sindinakwiye."

"Nkhope yanu ndiye yakwiya yokha."

Anaika fayilo patebulo, anafika pakhomo, kenako anatembenuka.

"China. Mwana wawo uja, mlamu wathu, wandifunsa funso. Ndamuyankha."

"Funso lanji?"

"Akuti kodi munthu akatola envelopu angathe kutuluka? Ndati ngakhale lero, zalembedwa pa tsamba lachiwiri la fomu imene anasayina. Ndawonjezanso kuti wofufuza akakhala wa m'banjamo, ndiye woyamba kumutulutsa amayenera kukhala iyeyo. Ndalakwitsa?"

"Ayi," anatero Humphrey. "Simunalakwitse."

"Ndimadziwa. Ndimafuna ndimve inu mukunena."

*

Lachiwiri m'mamawa, kusanatenthe, Humphrey anasiya njinga yake yamoto pa mjigo n'kuyenda wapansi, kuti asamveke. Anaima kuseri kwa mpanda wa mapesi ngati wakuba nkhuku, munthu wa madigiri awiri.

Bambo Sebastiano anali pa mpando. Howard anali atagwada patsogolo pawo. Anali mnyamata wamtali, wakale wa kabaza, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Clotilda ku pulayimale. M'manja mwa madala munali nkhafi yaifupi. Dzanja lodwala linali litamangidwa pa nkhafipo ndi kansalu, lamanzere likulitsogolera, ndipo ankapalasa mpweya pang'onopang'ono, uku ndi uku.

"Tiyeni, madala! Ng'ona ili kumbuyo! Tsidya la Makhanga likuoneka uko, musagone!"

Madala ankaseka ndi theka la pakamwa, thukuta lili kamukamu. Kakhalidwe ka phewa, kagwiridwe ka chigongono, zonse zinali zimene Humphrey anaphunzitsa. Nkhafi yokhayo sinali m'buku lake. Ndipo chinamuwawa kuvomereza kuti inali nzeru yabwino kuposa ndodo ya tsache imene iye analemba.

Clotilda anatuluka m'nyumba atanyamula makapu awiri a tiyi. Ndiye amene anayamba kumuona.

"Lowani, a Humphrey. Mpandawo ndi wakale, ungakugwereni."

Analowa. Nkhafi inaima.

"Howard."

"Bwana."

"Ukutani pano?"

"Mafizo, bwana."

"Nyumba yako ndi iyo, ya a Symon."

"Uko ndimapita nthawi ya ntchito. Ino ndi nthawi yanga, bwana. Sikisi koloko sinakwane."

"Unasayina kuti sudzakhudza munthu wa gulu lodikira."

"Ndinasayina." Howard anayamba kumasula kansalu kaja mosafulumira. "Koma chaka cha madzi aakulu chija, ine ndi mayi anga tinagona masiku awiri mumtengo kwa Mlolo. Anatitsitsa ndi madala awa. Bwato linali lodzadza kale. Sanatitoletse envelopu kuti aone woyenera kukwera."

Humphrey anafunafuna yankho m'madigiri ake onse awiri. Anapeza funso lokha.

"Unayamba liti?"

"Mu Ogasiti."

"Anakutuma ndani?"

"Ndine," anatero Clotilda.

Howard anaimirira, anapukuta mawondo, n'kutsitsa mawu ngati wantchito amene akupereka lipoti, poti ngakhale pa mkangano ulemu wa ntchito sanautaye.

"Phewa labwerera, bwana. Chigongono chikubwera. Koma zala zikukana. Ndayesa madzi ofunda, ndayesa chitsononkho, ndayesa zonse zimene munatiphunzitsa. Ndikuona ngati tinachedwa."

*

Clotilda anamuperekeza mpaka pa mjigo. Amayi atatu amene ankatunga madzi anasiya kupopa, poti mjigo ukamalira munthu samva bwino.

"Bwanji sunandiuze?" anayamba Humphrey.

"Kuti mukatani? Mukamulembe m'kope?"

"Ukudziwa kuti mwasokoneza ntchito ya zaka zitatu?"

Clotilda anali wamfupi, wamaso akuthwa a munthu amene tsiku lonse amayang'ana sikelo ya mavenda.

"Ine ndimati muyamba ndi mawu ena," anatero. "Dzulo ndatulutsa fomu ija m'sutikesi ya mayi. Ndawerenga ndekha. Ndinafika Fomu 4 ine, a Humphrey, kuwerenga ndimatha. Nthawi ija sindinavutike nazo chifukwa ndinkati wondiwerengera ndi wanga."

"Clotilda…"

"Mundiyankhe kamodzi. Pamene munkandilembera kuti malamulo salola, munkadziwa?"

Humphrey anali ndi mawu ambiri osungira misonkhano ya akatswiri, ena ataliatali moti ankafunika kupuma pakati. Linabwera limodzi lokha, lalifupi.

"Ndinkadziwa."

Mmodzi wa amayi aja anati "Hii!" n'kudzigwira pakamwa.

"Chifukwa chiyani?"

"Anthu anali akuchepa. Ena amwalira, ena asamuka. Ndinkaopa kuti ndikataya winanso, zotsatira sizidzamveka."

"Ndiye baba anali wokwaniritsira nambala."

"Si choncho. Kafukufukuyu akatha adzathandiza anthu masauzande, kuyambira kwa Maseya mpaka ku Marka. Boma likadzaona…"

"Adzawathandize. Ine bambo ndili nawo mmodzi."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Humphrey anapitiriza.

"Nanga Howard? Tsiku lililonse m'mamawa, iweyo ukumuphikira tiyi. Makapu awiri aja, ina inali ya ndani?"

"Mwawerenga makapu?" Clotilda anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano. "Mwaona baba akupalasa koyamba chichokereni Epulo, inu n'kuwerenga makapu. Inde, ina inali yake. Amabwera asanadye. Mu Seputembala anandifunsira, ndinamuuza kuti ndili ndi munthu. Anati chabwino, mawa lake anabweranso nthawi yomweyo. Sanachepetse ngakhale kamodzi."

"Ndiye ukumufuna?"

"Kwerani njinga yanu, adokotala. Odwala anu akudikira. Ena mwa iwo mwadala."

Anatembenuka n'kumapita. Mjigo unayambanso kulira.

*

Masana Humphrey anaimbira Pulofesa wake ku Blantyre. Anali mayi wotanganidwa, amene ankayankha foni ali pakati pa misonkhano iwiri. Humphrey anakonza mawu ake bwinobwino, ngati wokanena maliro. Anati pachitika ngozi yaikulu. Wodwala mmodzi wa gulu lodikira wakhala akulandira mafizo mobisa, ndipo ayenera kutulutsidwa.

"Mmodzi?" anafunsa Pulofesa.

"Mmodzi, Pulofesa. Titsala ndi 76."

"Kalitsiro, tinalemba anthu 84 podziwa kuti khumi ndi awiri akhoza kutayika panjira. Masamu amenewo unachita wekha chaka choyamba. Mutulutse lero."

"Basi?"

"Basi. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Umafuna ndilire?"

Humphrey anakhala pansi. Mphindi zisanu. Anayesa kuwerenga masabata kuchokera mu Juni kufika tsiku limenelo, koma analekera panjira.

"Koma komiti ifuna lipoti pofika Lachisanu," anapitiriza Pulofesa. "Ndani anamupatsa mafizo, kuyambira liti. Ngati ndi mmodzi wa anyamata ako, ameneyo wachoka, ndipo kalata yomuyamikira usamulembere. Fomu ndikutumizira pompano. Uyankhe mafunso onse. Pali china chimene ndiyenera kudziwa?"

"Halo? Pulofesa? Netiweki ikuvuta kuno."

Netiweki tsiku limenelo inali bwino kuposa masiku onse a mwezi umenewo. Fomu inafika nthawi yomweyo. Funso lachitatu linkafuna dzina la wolakwa. Funso lachisanu ndi chiwiri linkati: kodi wofufuza ali ndi ubale uliwonse ndi wodwalayu kapena banja lake? Ngati inde, unayamba liti, ndipo n'chifukwa chiyani sunanenedwe?

Akanalemba dzina la Howard pa funso lachitatu n'kulemba "ayi" pa linalo, nkhani ikanathera pomwepo. Howard akanataya ntchito, pamodzi ndi kalata imene Humphrey anamulonjeza yokalowera sukulu ya othandiza mafizo. Akanalemba "inde", komiti ikanamvetsa chifukwa chimene mnyamatayo anachitira zimenezo, mwina n'kumuchitira chifundo. Koma ikanaimitsa kafukufuku yense kuti ione ngati palibe china chimene Humphrey anabisa, ndipo makomiti akaimitsa chinthu sathamangira kuchiyambitsanso.

*

Lachitatu madzulo anapitanso, ulendo uno wopanda buledi. Anali ndi kalata yotulutsa bambo Sebastiano m'kafukufuku. Anagwada pa mkeka, anawawerengera yonse mosathamanga, ndipo madala anadinda ndi chala cha dzanja lamanzere.

"Bambo, ndinalakwa. Ndikupempha ndiligwire dzanjalo."

Bambo Sebastiano anayang'ana akazi awo. Mayi Esinala anakweza mapewa. Madala anatambasula dzanja okha, pang'onopang'ono, monyadira.

Aka kanali koyamba Humphrey kuligwira chichokereni Meyi. Linali dzanja lalikulu, chikhatho cholimba ngati chikopa cha ng'oma. Anayesa phewa, linayenda. Anayesa chigongono, chinamvera. Kenako anatenga zala, zimene zinali zitapindikira m'kati ngati zikugwirabe nkhafi. Anakoka cholozera mofatsa. Chinatambasuka pang'ono, n'kuima. Anadikira, anapuma, anayesanso. Chinaima pomwepo. Manja ake ankadziwa tanthauzo la kuima kumeneko, ndipo sankafunika kutsegula buku.

"Zitheka?" anafunsa mayi Esinala. Ulendo uno m'mawu mwawo munalibe chipongwe, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri.

"Kugwira kapu adzagwira. Supuni mwina. Nkhafi ya pamadzi, sindikulonjeza."

"Mukanayamba mu Juni?"

"Sindingadziwe, mayi. Koma mpata unali waukulu kuposa lero."

Mbuzi ina inalira kwa a Symon. Bambo Sebastiano anachotsa dzanja lawo n'kulibweza pamiyendo. Mawu awo ankatuluka limodzilimodzi, olemera, osakanikirana ndi Chisena cha kwawo, chimene pothokoza chimati takhuta.

"Takhuta, adokotala. Mwanena… zoona." Anapuma. "Koma bwato… timalifuna madzi… akadzadza."

"Ndizibwera tsiku lililonse, bambo. M'mawa ndi madzulo."

"M'mawa muli kale munthu," anatero mayi Esinala. "Ndipo poti mwabwera nokha, ndikuuzeni, musakamvere pa mjigo. Loweruka kukubwera alendo. Amalume ake a Howard. Akuti akufuna adzaone ngati pakhomo pano pali mbeta."

"Koma mayi, amalume anga ndinawauza kale kuti adzafike kuno Disembala…"

"Disembala. Mwezi umodzi. Miyezi isanu ndi umodzi. Inu zanu zonse zimakhala kutsogolo, adokotala. Ife sitinavomere kanthu. Woyankha ndi mwini wake, ndi uyo."

Clotilda anali ataima pakhomo la nyumba nthawi yonseyo. Anavala masilipasi n'kumuperekeza, koma ulendo uno anaima pa chipata, kutali ndi makutu a pa mjigo.

"Unavomera kuti abwere?" anafunsa Humphrey.

"Sindinavomere. Sindinakanenso."

"Umamukonda?"

"Ndikanamukonda bwenzi zili zosavuta." Anathyola kaphesi pa mpanda n'kuyamba kukanyenya. "Inu ndinakukondani ndi kulankhula kwanu komwe. Mukayamba zija za magulu awiri, anthu akuthawa, ine ndinkati ameneyu ndiye sanganame, bodza alilowetsa pati m'mawu onsewa? Tsopano usiku ndikumawerenganso mauthenga anu onse, kufuna kuona ena amene ndinangowameza."

"Linali limodzi lokha lija."

"Mwina. Glory akuti pali lipoti lopita ku komiti. Akuti pali funso la dzina la Howard, palinso funso la dzina langa."

Humphrey anatsegula pakamwa kuti afunse kuti Glory wazidziwa bwanji, koma anakumbukira kuti ndi Glory.

"Ndikalemba zonse akhoza kuimitsa kafukufuku, Clotilda. Chaka, mwina ziwiri. Mwina osayambanso. Odwala 76 aja, zaka zitatu zanga…"

"Mukapanda kulemba, achotsa munthu amene anagwira ntchito yanu pa bambo anga, inu n'kukavala mkanjo."

"Ndiye ukuti nditani?"

"Ine? Ine ndimagulitsa chitowe. Odziwa malamulo ndinu." Anataya kaphesi kaja. "Sindikuuzani cholemba. Mukatumiza, munditumizire chithunzi chake pa foni, ndione chimene mwalemba pamene panafunsidwa za ine."

"Ndiye Loweruka udzawayankha chiyani amalume akewo?"

Clotilda analowa m'kati, anakoka chipata cha mapesi n'kuchimanga ndi chingwe chake, mfundo ziwiri.

"Lachisanu ndi lanu, a Humphrey," anatero ali kuseri. "Loweruka ndi langa."